Paul Gauguin: zithunzi zili mu envulopu, ana anga ndiwauze chiyani?

Nachisale:
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndimayang'anira kalabu ya zojambulajambula pasukulu pathu, ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndipo ambiri ndi atsikana. Teremu ino tikuphunzira kagwiritsidwe ntchito ka mitundu, choncho ndinasankha Paul Gauguin, Mfalansa uja, chifukwa pa nkhani ya utoto palibe wina amene amandigwira mtima ngati iyeyo. Ndinapita m'tauni kukasindikiza zithunzi zake zinayi ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Usiku ndikukonzekera phunziro ndinati ndiwerengeko za moyo wake, ndipo ndinapeza kuti mtsikana amene ali pa chimodzi mwa zithunzizo, Teha'amana, anali ndi zaka pafupifupi 13 pamene Gauguin anamutenga ngati mkazi wake ku Tahiti, chilumba cha m'nyanja ya Pacific. Iye anali bambo wa zaka zopitirira 40, ndipo anasiya mkazi ndi ana asanu ku Ulaya. Ana a m'kalabu mwanga onse ndi aakulu kuposa mtsikanayo. Zithunzi zidakali mu envulopu. Ndiwaonetse? Ndikawaonetsa, ndinene zonse?

Wapenti wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, aonetseni. Ine ndimalemba zikwangwani ndi kujambula m'makoma a magolosale, zaka 19 tsopano, ndipo chimene ndinaphunzira kwa munthu ameneyu sindinachipeze kwina. Pezani chithunzi chake cha 1888 chotchedwa La Vision après le sermon. Amayi a ku Brittany atuluka m'tchalitchi atavala zisoti zawo zoyera, ena atseka maso akupemphera, ndipo kutsogolo kwawo Yakobo akulimbana ndi mngelo, nkhani ya pa Genesis 32 imene angoimva kumene pa ulaliki. Tsono nthaka imene akulimbaniranapo ndi yofiira psuu. Si nthaka yakatondo ayi, ndi kufiira kwa utoto wosasungunula. Thunthu la mtengo ladutsa chopingasa pakati, mbali iyi anthu enieni, mbali inayo zimene zili m'mitima mwawo. Anzake a nthawi imeneyo, a Monet ndi a Pissarro, ankathamangitsana ndi kuwala kwa dzuwa, kadontho apa kadontho apo, kuti agwire mmene diso likuonera. Iye anati ayi, ndijambula mmene mtima ukuonera. Anapaka mtundu umodzi pamalo aakulu, n'kuuzinga ndi mzere wakuda ngati magalasi a m'mawindo a tchalitchi. Ntchito yanga yonse ya zikwangwani ndi yomweyo. Chithunzichi anafuna kuchipereka ku tchalitchi cha ku Nizon, wansembe anachikana. Lero chili ku Edinburgh.

Nankhoma:
Achimwene a ku Ndirande, za utotozo sindikutsutsani, koma funso la aphunzitsi simunaliyankhe. Ine ndili kuno ku London, ndimagwira ntchito yosamalira odwala. Tsiku lina lopuma ndinalowa ku Courtauld Gallery ndipo ndinaima nthawi yaitali pa chithunzi chake cha 1897 chotchedwa Nevermore. Mtsikana wagona pabedi, kumbuyo kuli mbalame ndi anthu awiri akunong'onezana. Diso la mtsikanayo silikuyang'ana iwe, likuyang'ana chakumbali, ngati munthu amene akumvetsera zimene akumunena. Dzina lake anali Pahura. Gauguin anamutenga ali ndi zaka 14 kapena 15, ndipo chithunzicho chinajambulidwa patangopita miyezi yochepa mwana wawo wakhanda atamwalira. Ndisanadziwe zimenezi ndinkangoona kukongola. Nditadziwa ndinaona mwana wofedwa. Chithunzi n'chomwecho, maso anga ndi amene anasintha, ndipo sindifuna kubwerera ku maso oyamba aja.

Tadala:
Pepani, ine ndine wamng'ono pagulu pano, ndili chaka chachiwiri ku koleji. Munthuyu anakapezeka bwanji ku Tahiti? Ndimangomudziwa pa nkhani ya khutu la Van Gogh.

A Mbewe:
Tadala mwanangu, khala pansi, nkhaniyi ndi yaitali koma ndiyesa kuidula.

Anabadwira ku Paris pa 7 Juni 1848. Bambo ake, Clovis, anali mtolankhani, ndipo ndale zitatembenuka ku France banja linakwera sitima ya pamadzi kupita ku Peru, kumene mayi ake anali ndi abale olemera. Bamboyo anamwalira panjira. Choncho Paul anakulira ku Lima mpaka zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, akulankhula Chisipanishi. Agogo ake aakazi anali Flora Tristan, mayi wodziwika pomenyera ufulu wa amayi ndi anthu apantchito. Mfundo imeneyi muisunge, Nankhoma, ikupwetekani mtima kwambiri.

Ali ndi zaka 17 analowa ntchito ya m'sitima zamalonda, kenako ya usilikali wa pamadzi. Mu 1871 anabwerera ku Paris n'kuyamba ntchito yogulitsa masheya, ndipo ndalama ankazipeza ndithu. Mu 1873 anakwatira Mette Gad wa ku Denmark, anabereka ana asanu. Kujambula kunali kwa Lamulungu chabe, akuphunzira kwa Camille Pissarro, ndipo ankagula zithunzi za anzake, ngakhale za Cézanne. Mu 1882 msika wa masheya unagwa, ntchito inatha mphamvu, iye n'kuganiza zodalira burashi. Banja linasamukira ku Rouen, kenako ku Copenhagen kwawo kwa mkazi, kumene anayesa kugulitsa malona osaphula kanthu. Mu 1885 anabwerera ku Paris ndi mwana mmodzi yekha. Mette ndiye anatsala ndi mtolo, akuphunzitsa Chifalansa ndi kumasulira mabuku kuti ana adye.

Kuchokera apo ndi munthu wongothawa. Pont-Aven mu 1886, kumene moyo unali wotchipa. Panama mu 1887, kumene anakumbako ngalande yodutsamo sitima kwa masiku ochepa, kenako Martinique, kumene anadwala kamwazi ndi malungo. Arles mu Okutobala 1888, pa ndalama za Theo, mng'ono wake wa Vincent van Gogh. Anakhala limodzi masabata asanu ndi anayi, akukangana pa kajambulidwe: Vincent ankafuna chinthu chili pamaso pake, Gauguin ankati jambula za m'mutu. Pa 23 Disembala Vincent anadzidula khutu, Gauguin ananyamuka, sanaonanenso. Mu 1891 anagulitsa zithunzi pa okishoni ku Paris kuti apeze ya ulendo, anakatsanzika ana ku Copenhagen, ndipo mu Epulo anakwera sitima ku Marseille. Anawo ndi Mette sanawaonenso.

Tadala:
Zikomo bambo. Ndiye ankafuna chiyani kumeneko?

A Mbewe:
Ankafuna dziko limene Ulaya sanalikhudze, ndipo anafika mochedwa ndi zaka pafupifupi 100. Amishonale a London Missionary Society, bungwe lomwe lija linadzatumiza David Livingstone kuno ku Africa, anafika ku Tahiti mu 1797. France analanda chilumbacho kotheratu mu 1880. Gauguin atatsika ku Papeete mu Juni 1891 anapeza nyumba za malata, maofesi a atsamunda, matchalitchi, ndi amayi ovala madiresi aatali ofika kumapazi amene amishonale anabweretsa. Patangopita masiku ochepa mfumu yomaliza, Pomare V, inamwalira. Anakhumudwa n'kusamukira ku Mataiea, mtunda wa makilomita oposa 40 kuchokera m'tauni.

Apa ndi pamene ine ndimadandaula naye koposa. Milungu ndi miyambo imene imaoneka m'zithunzi zake sanaione ndi maso. Zambiri anazitenga m'buku la Moerenhout la mu 1837, koma polemba buku lake la Noa Noa anaonetsa ngati Teha'amana ndiye ankamufotokozera usiku. Kaimidwe ka anthu ena anakatenga pa zithunzi za kamera zimene ananyamula m'sutikesi: kachisi wa Borobudur wa ku Java, ndi zojambula za m'manda a ku Egypt. Taonani Ta Matete cha 1892, amayi akhala pabenchi motsatana, mapewa kutsogolo nkhope kumbali, ndi Egypt weniweni ameneyo. Tsono anthu a ku Paris ankaona zimenezi n'kumati ndiye Tahiti.

Wapenti wa ku Ndirande:
Koma bambo Mbewe, wojambula si mtolankhani. Ndani anati chithunzi chikhale umboni wa kukhoti? Ngakhale ine ndikajambula mudzi pakhoma la resitilanti ndimaika mlambe pamene panalibe mlambe.

A Mbewe:
Mlambe wanuwo sunamiza munthu, achimwene, poti wodya nsima m'resitilantimo amaudziwa mudzi. Anthu a ku Paris Tahiti sankamudziwa, ndipo boma lawo ndi limene linkamulamulira. Ukawauza kuti uko kuli anthu osavala, osadandaula, atsikana ongodikira mlendo, wawapatsa chifukwa chogonera tulo tabwino pa zimene akuchita kumeneko. Mpaka lero otsatsa malonda a zokopa alendo akugulitsabe loto lomwelo.

Wosema wa ku Mtakataka:
Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Ine ndikufuna ndinene za Ia Orana Maria, cha 1891, chimene chili ku New York. Mawuwo ndi Chitahiti, ndiye "Tikuoneni Maria" wathu uja. Maria ndi mayi wa ku Tahiti, wavala nsalu yofiira yamaluwa ngati chitenje, Yesu wakhala paphewa pake, pansi pali nthochi, mngelo wa mapiko achikasu wabisala m'maluwa. Ife amene tinakulira pafupi ndi Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, Yesu wa nkhope yathu ndi Maria wobereka mwana kumbuyo sitimudabwa. Koma mu 1891 mzungu kujambula Amayi Maria a khungu lakuda chinali chinthu cholimba mtima. Chimenecho ndimamupatsa ulemu.

Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mua mpeni uli m'manja mwa mwana wa m'mudzi momwemo. Akasema nkhope ndi ya azakhali ake. Kwa Gauguin anthu a ku Tahiti anali oimirira kuti ajambulidwe basi.

Komanso musaiwale kuti anali wosema ndi woumba mbiya, osati wa penti yekha. Oviri, chiboliboli chadothi cha 1894, ndi chinthu choopsa kuchiyang'ana, mayi waponda mmbulu. Anapempha kuti chidzaikidwe pamanda pake, ndipo mu 1973 anaikapo china chachitsulo chofanana nacho.

Nankhoma:
Bambo Mbewe, za agogo ake zija zandipweteka monga munanenera. Mayi womenyera ufulu wa amayi, mdzukulu n'kukhala wotere.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri kuno, akuti "inali nthawi yake, ndi mmene zinkakhalira." Sindiwalandira. Iye anasiya mwana wake wamkazi, Aline, ku Copenhagen, wa msinkhu wofanana ndi Teha'amana. Akanalola mwamuna wa zaka 43 kumutenga Aline? Ankadziwa bwino kuti chimene sakanachita poyera kwawo akanachichita kumene iye anali mzungu wa dziko lolamulira. Ndipo sikanali kamodzi. Teha'amana, Pahura, kenako kuzilumba za Marquesas mtsikana wina, Vaeoho, wa zaka 14. Zaka za Teha'amana si adani ake anazinena, analemba yekha. Mu 1893 anakwera sitima kubwerera ku France n'kumusiya. Paja mlendo ndi mame.

Kwathu tamenya nkhondo zaka zambiri kuti mwana asakwatiwe, mpaka Malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Mafumu ngati malemu Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri ku Dedza. Aphunzitsi sangaime pamaso pa atsikana a Fomu 3 n'kungoti taonani chikasu chokongolachi.

Wapenti wa ku Ndirande:
Achemwali, pamenepo ndagonja, ndipo sindinafune kumuikira kumbuyo. Ndili ndi ana aakazi awiri. Mantha anga ndi akuti tikamutaya yense, ana ataya phunziro limene lingawamasule dzanja. Ana athu kusukulu amaopa utoto. Mtengo ndi wobiriwira, thambo ndi labuluu, akalakwitsa amafufuta mpaka pepala kubooka. Mu 1888 ku Pont-Aven Gauguin anatenga mnyamata wina, Paul Sérusier, kupita naye kunkhalango m'mbali mwa mtsinje. Malinga ndi mmene Maurice Denis anadzafotokozera, anamufunsa kuti mitengo iyo ukuiona bwanji, yachikasu? Ndiye paka chikasu. Mthunziwo ukuoneka wabuluu? Usaope, paka buluu weniweni. Kathabwa kakang'ono kamene Sérusier anajambula tsiku limenelo anzake ku Paris anakatcha Le Talisman, ndiye kuti chithumwa, ndipo gulu la Nabis, a Bonnard ndi a Vuillard, linaphukira pamenepo. Mu 1906, iye atamwalira kale, ku Salon d'Automne ya ku Paris kunali chionetsero chachikulu cha ntchito zake, ndipo Matisse, Derain ndi Picasso onse anatengapo kanthu. Mwana wa ku Malawi naye ali ndi ufulu womva mawu amenewo: usaope.

Wosema wa ku Mtakataka:
Pa Picasso pomwepo pali mbali yathu. Khomo limene Gauguin anatsegula, loti waluso wa ku Ulaya akatape nzeru kwa anthu amene ankawatcha osatukuka, ndi lomwe anzake analowera n'kukafika pa zigoba ndi ziboliboli za ku Africa zimene zinadzaza m'nyumba yosungira zakale ya Trocadéro. Mu 1907 Picasso anajambula Les Demoiselles d'Avignon. Mayina a azunguwo tonse tikuwatchula pano. Amene anasema zigobazo palibe analemba mayina awo.

Tadala:
Nanga mathero ake? Anafa wolemera?

A Mbewe:
Ayi. Chionetsero chake cha ku Paris mu Novembala 1893, kwa wogulitsa zithunzi Durand-Ruel, chinagulitsa zithunzi 11 zokha mwa zoposa 40. Mu 1894 anamenyana ndi amalinyero ku Concarneau n'kuthyoka mwendo cha m'kakolo, bala limene linamuvutitsa mpaka imfa. Mu 1895 anabwerera ku Tahiti. Mu 1897 analandira kalata yoti Aline wamwalira ndi chibayo. Ali m'ngongole, akudwala, anatenga chiguduli chotalika pafupifupi mamita anayi n'kujambula chithunzi chimene pakona pake analembapo mafunso atatu: Tichokera kuti? Ndife yani? Tikupita kuti? Chimawerengedwa kuyambira kumanja, kumene kuli khanda logona, pakati munthu akuthyola chipatso, kumanzere gogo wagwira kumutu akudikira imfa. Analembera mnzake kuti atachimaliza anakwera kuphiri kukamwa poizoni, koma anasanza n'kupulumuka. Chithunzicho chili ku Boston, ndipo ngakhale ine womudandaulane ndikachiona pakompyuta ndimakhala chete.

Mu 1901 anasamukira ku Atuona, pachilumba cha Hiva Oa ku Marquesas, akulandira mafalanki 300 pamwezi kuchokera kwa wogulitsa zithunzi Ambroise Vollard. Kumeneko anakangana ndi bishopu, analimbikitsa makolo kuti asatumize ana kusukulu ya mishoni, ndipo analembera akuluakulu a boma kudandaula za nkhanza ndi katangale wa apolisi pa eni dziko. Mu 1903 khoti linamupeza wolakwa pa mlandu woipitsa mbiri ya wapolisi, miyezi itatu kundende ndi chindapusa cha mafalanki 500. Anamwalira pa 8 Meyi 1903 apilo yake isanamvedwe, ali ndi zaka 54.

Ena amatenga zimenezi n'kumuveka chisoti cha womenyana ndi utsamunda. Ine ndimati pang'onopang'ono. Munthu yemweyo ali ku Papeete ankalemba m'nyuzipepala ya Les Guêpes, ya azungu obwera, ndipo ankanyoza Matchaina okhala pachilumbacho. Ndipo amene akuti atsikana asapite kusukulu, kwinaku akutenga wa zaka 14 kukhala naye m'nyumba, sindingamuyamikire mosavuta.

Za chuma, chinabwera iye atawola kale. Nafea faa ipoipo, cha 1892, atsikana awiri atakhala pansi, chinagulitsidwa madola 210 miliyoni zaka zapitazi. Mutu wake ukutanthauza kuti "Udzakwatiwa liti?"

Nankhoma:
Mutu umenewo wandizizira m'nkhongono.

Aphunzitsi, kuno zinthu zayamba kusintha. National Gallery itachita chionetsero cha zithunzi zake za nkhope za anthu mu 2019, inalemba poyera pakhoma za atsikanawa ndi za mwayi umene anaugwiritsa ntchito monga mzungu. Ndipo anthu a kuzilumbako ayamba kuyankha okha. Yuki Kihara, waluso wochokera ku Samoa, anatenga zithunzi za Gauguin n'kuzijambulanso ndi kamera, anthu a kwawo ataima mmene iwo afunira, ndipo ntchitoyo, Paradise Camp, inaimira New Zealand pa chionetsero chachikulu cha zaluso ku Venice mu 2022. Ngati muli ndi bandulo, aonetseni ana anu zimenezonso.

Nachisale:
Ndawerenga zonse kawiri. Zikomo nonse, mwandithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera. Chimene ndinasindikiza cha Teha'amana ndi Manao tupapau, chija wagona chafufumimba mzukwa uli kumbuyo. Chimenecho sindipita nacho m'kalasi, ndi mwana wosavala ndipo sindikuona chifukwa. Ndapeza china cha 1893, Merahi metua no Tehamana, chili ku Chicago. Wakhala tsonga, wavala diresi ya mizere yabuluu ndi yoyera ya amishonale ija, maluwa m'tsitsi, chokupizira m'manja, mango awiri pambali. Ndisindikiza chimenecho. Ndiyamba ndi nthaka yofiira ya achimwene a ku Ndirande, ana apake kaye okha, kenako Maria wa a ku Mtakataka, kenako ndiwauza dzina la mtsikanayu ndi zaka zake. Ndidzakuuzani Lachisanu.

Wapenti wa ku Ndirande:
Ngati utoto wa m'machubu wadula, gulani wa paudala wofiira, wachikasu ndi wabuluu ku hadiweya, musakanize ndi guluu wa matabwa ndi madzi pang'ono. Pa katoni umagwira bwino. Musawapatse pensulo poyamba, angayambe kufufuta.

Nachisale:
Ndabwera monga ndinalonjezera. Tinapaka pa makatoni, bambo, ndipo bwalo la sukulu lina linatuluka lofiira, lina lapepo. Mnyamata wina anajambula mbuzi yabuluu pansi pa mtengo wa mango ndipo anakana kuisintha anzake atamuseka. Nditatulutsa chithunzi cha Teha'amana n'kunena zaka zake, m'kalasi munangoti zii. Wina anati akuoneka wamkulu. Mnzake anati ayi, taonani masaya. Anakangana za Gauguin mpaka belu, ena akuti tisamuphunzirenso, ena akuti tiphunzire utoto wake koma chithunzi chake iyeyo tisachipachike. Sindinawagamulire. Koma mtsikana wina wa Fomu 4, wofatsa, amene salankhulalankhula, anatsalira ena atatuluka n'kundifunsa kuti, "Madamu, nanga iyeyo, mzunguyo atapita, zinamuthera bwanji?" Bambo Mbewe, ndithandizeni, ndinamulonjeza yankho Lolemba.

A Mbewe:
Muuzeni izi, aphunzitsi. Bengt Danielsson, wofufuza wa ku Sweden amene anakhala zaka zambiri ku Tahiti akufunsa okalamba ndi kufukula m'mabuku a boma, analemba kuti Gauguin atabwerera mu 1895 anapeza Teha'amana atakwatiwa ndi mnyamata wa komweko. Anabwera kudzamuona, anakhala masiku ochepa, n'kubwerera kwa mwamuna wake. Anakhala ku Mataiea, analera ana, ndipo anamwalira mu Disembala 1918 pa mliri wa fuluwenza, womwe uja unapululanso anthu kuno ku Nyasaland. Anali ndi zaka pafupifupi 40.